Kwa achemwali a mestrado amene sanagwirepo choko

Achemwali, mwati mukumaliza mestrado (digiri yachiwiri) ya zaulimi, mukufuna kudzaphunzitsa pa yunivesite, koma simunaimepo kutsogolo kwa kalasi, ndiye muyambire pati. Funso lanu landikhudza, chifukwa nane mawondo ankagwedezeka chimodzimodzi.

Musadikire kulembedwa ntchito. Pitani kwa aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanu, muwapemphe akupatseniko ma aula práticas (makalasi oyeserera zimene aphunzira), ngakhale kagulu kamodzi ka chaka choyamba. Ambiri sakana, ntchito imawachulukira. Malo kuno kwathu ku Tete alipo: yunivesite ya UniZambeze ili ndi zaulimi ku Ulongué ndi zaumoyo mumzinda wa Tete, sukulu ya ukachenjede ya ISPT imaphunzitsa za migodi, yunivesite ya UniPúnguè nayonso ili ndi nthambi ku Tete. Aphunzitsi anuwo akakulolani, apempheni tsiku lina adzakhale kumbuyo ndi kope, pomaliza akuuzeni mosapsatira pamene mwathamanga.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: "sim" (inde) wa ophunzira musamukhulupirire.

Tsiku langa loyamba ndinaphunzitsa za asidi wa m'nthaka. Ndinadzaza bolodi ndi manambala a pH (muyeso wa asidi), 0 mpaka 14, Chipwitikizi chikungosefukira, nkhope ili kubolodi. Nditafunsa ngati amva, kalasi yonse inati "sim". Sabata yotsatira ndinapereka kamayeso, ndipo ambiri analemba kuti nambala ikakwera ndiye kuti asidi wachuluka, pomwe zoona n'zakuti asidi amachuluka nambala ikamatsika pansi pa 7. Zinandipweteka mtima, poti ana amenewa makolo awo amagulitsa mbatatesi ndi chimanga kuti iwo afike pamenepo.

Nditabwerera ndinanyamula dothi m'mabeseni awiri, lina la m'munda woguga, lina la kudimba. Tinaliyeza limodzi. Kenako ndinauza mnyamata wina wa ku Dómuè, amene sankatsegula pakamwa m'kalasi, kuti afotokozere mnzake ngati akufotokozera agogo ake. Anakanda mutu, kenako anati: "Dothi ili lasasa ngati thobwa logonetsa, n'chifukwa chake feteleza sakugwira. Lifunika laimu." Apo mpamene ndinadziwa kuti walowetsa, ndipo anzake oyandikana naye anayamba kukonza zimene analemba m'makope.

Zoti munthu amamva msanga m'chilankhulo chake si zachilendo ku Tete. Pakati pa 1993 ndi 1997 kunali PEBIMO, kuyesa kuphunzitsa ana a pulayimale m'zilankhulo ziwiri: Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Pa yunivesite maphunziro ndi mayeso ndi a Chipwitikizi, zimenezo sindikutsutsa. Koma apatseni mphindi zitatu akambirane awiriawiri m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, kenako alembe yankho m'Chipwitikizi pakapepala osaika dzina. Muziwerenga timapepalato madzulo omwewo. Mudzaona pamene pavuta mayeso enieni asanafike, ndipo mudzadziwa poyambira mawa lake.

Mukatuluka m'kalasi lembani mizere iwiri: pamene ophunzira anachangamuka, ndi pamene anayamba kusuzumira mafoni. Sungani mapulani a maphunziro anu onse pamodzi ndi kalata ya aphunzitsi amene anakuonererani mukuphunzitsa. Concurso (mpikisano wofunsira ntchito) ikadzatuluka mudzakhala ndi chosonyeza, osati digiri yokha.

Mukakonza pulani ya phunziro lanu loyamba, itumizeni muno tiione limodzi musanalowe nayo m'kalasi.