Foni ikumayimba 112 yokha ili mthumba, kodi anamva zonse timakamba zija?

FUNSO

Achimwene ndithandizeni. Ndine mayi wa zaka 34, foni yanga ndi ya Android. Sabata yatha ndinali ndi mchemwali wanga akundifotokozera mavuto a m'banja mwake, zija zoti munthu wachitatu asamve, nde tili mkati mocheza ndikumva kamawu koti halo halo kakuchokera mthumba mwa jinzi yanga. Kutulutsa foni ndapeza yayimba 112 ndipo zatha kale mphindi ziwiri ndi theka. Ndinachita mantha, ndinadula pompo nkuyizimitsa foniyo mpaka mmawa. Aka nkachitatu mwezi uno, chonsecho foniyo ili ndi pasiwedi komanso imatseguka ndi chala changa chokha. Nde foni yoloka imayimba bwanji yokha? Amene anayankha uja anamva nkhani ya mchemwali wangayo? Akudziwa pomwe ndinali? Sadzandimanga kuti ndikuseweretsa nambala yawo? Ndikufuna ndingochichotsa chinthuchi basi.

Mayi wodandaula

YANKHO

Achemwali mtima pansi kaye, foni yanu palibe wayilowa ndipo siyinawonongeke. Zimenezi zikuchitikira anthu ambirimbiri moti amene amayankha nambala za ngozi ngati 112 ndi amene atopa nazo kuposa inu. Ku San Francisco kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti pa mafoni 100 aliwonse ochokera pa foni zam'manja opita ku 911, nambala ya ngozi ya ku America, pafupifupi 30 anali oyimbidwa mwangozi, anthu ngati inu nomwe amene sankadziwa nkomwe kuti ayimba.

Pasiwedi ija imatchinga zithunzi zanu, WhatsApp, mameseji ndi manambala a anthu, koma pali kakhomo kamodzi kamene opanga mafoni anakasiya dala kosakhoma, ka nambala za ngozi. Iwo ankaganiza za munthu amene wagwa pamsewu wakomoka, wodutsa watola foni yake ndipo pasiwedi sakuyidziwa, ameneyo akuyenera kuthabe kuyitana thandizo. 112 munayiona ija mayiko a ku Europe anagwirizana mu 1991 kuti ikhale nambala yawo onse, ndipo inalowa m'malamulo a GSM, mtundu wa netiweki ya mafoni am'manja, nchifukwa chake pafupifupi foni iliyonse imabwera ikuyidziwa kale kuchokera ku fakitale. Imalowa mulibe mayunitsi, imalowa foni ili yoloka, m'mayiko ena imalowa ngakhale mulibe simu khadi. Chimodzimodzi 999 ya ku Britain yomwe inayambira ku London mu 1937, kaya 911 ya ku America ya mu 1968.

Tsono imadzidina bwanji? Njira ina ndi ya sikilini. Galasi lija limamva khungu la munthu, nde nsalu ya mthumba ikanyowako ndi thukuta ntchafu yanu imagwira ntchito ngati chala, foni imayaka poganiza kuti mwayigogoda kawiri, kenako nkukhudza pamene palembedwa kuti Emergency call pansi pa manambala olembera pasiwedi paja. Koma ine kwa inu ndikuganiza kuti ndi njira yachiwiri iyi. Kuyambira pa Android 12 ya mu 2021 muli chinthu chotchedwa Emergency SOS, ukadina batani la pambali loyatsira foni lija kasanu mofulumira foni imatha kuwerenga timasekondi pang'ono kenako nkuyimba yokha osafunsa. Nde taganizani jinzi yothina, mwakhala pansi, mwawerama, mwadzuka, mwapinda mwendo, batani likudinika mphindi zonsezo. Ena timadina tokha pofuna kuona nthawi kapena kuchepetsa volyumu foni ili mthumba, chala nkusochera. Mu June 2023 apolisi a ku Britain anadandaula poyera kuti mafoni opanda wolankhula achuluka pa 999 ndipo analoza chinthu chomwechi, mpaka a Google anavomera kuti asinthako. A iPhone asaseke, iPhone 14 itatuluka mu 2022 ndi luso lake lozindikira ngozi ya galimoto inkayimba 911 anthu ali pa zamasewera zozungulira zija ku Kings Island ku Ohio, komanso akutsetsereka pa chipale ku Colorado, foni ikuganiza kuti mwini wake wagunda mtengo pomwe munthu akusangalala.

Pa funso loti anamva kapena ayi sindikunamizani. Anamva, ngakhale mwina zinali zosamveka bwino chifukwa cha kukhulana kwa nsalu, ndipo malo ambiri oyankhira mafoni a ngozi amajambula mawu a foni iliyonse yolowa. Komanso sanamvetsere chifukwa chokonda miseche, ntchito yawo imawauza kutero. Foni yachete nthawi zina ndi ya mayi amene wabisala kuchipinda mwamuna akumusaka ndi chikwanje, kaya ya munthu amene mbava zili m'nyumba ndipo sangathe kutulutsa mawu, nde woyankha uja amatchera khutu kuti amve ngati pali kulira, kumenyana kapena kupuma kwa wefuwefu. Ku Britain anachita kukonza zoti ngati sungathe kulankhula umadina 55 kuti adziwe kuti ndiwe munthu weniweni amene ali pamavuto. Atangomva kuti ndi amayi awiri akucheza, maganizo ake anali pa foni yotsatira. Sakudziwani, mchemwali wanu samudziwa, alamu anuwo sawadziwa. Ndikanakhala inu ndikanada nkhawa kwambiri foniyo ikanayimbira alamu anu omwewo, koma zimenezo onani funso lachiwiri pansipa.

Za pomwe munali, nambala yanu amayiona ndipo kudzera ku kampani ya netiweki atha kudziwa nsanja imene foni yanu inalumikizako, kutanthauza dera lonse osati khomo lanu. Koma m'mayiko amene anakhazikitsa njira yotchedwa AML, yomwe inayambira ku Britain mu 2014, foni ikangoyimba nambala ya ngozi imayatsa yokha GPS ndi Wi-Fi nkutumiza malo enieni omwe muli, ngakhale lokeshoni munayizimitsa. Android inayamba zimenezi mu 2016, iPhone mu 2018. A Google amati uthengawo umachoka pa foni kupita kwa othandiza pa ngoziwo mwachindunji osadzera kwa iwo. Ena zimawanyansa kuti foni ikuulula malo osapempha, ine pa chimenechi chokha sindidandaula, munthu amene galimoto yagubuduzika naye usiku kumalo komwe sakukudziwa sangafotokoze kuti ali pati.

Pomwe munalakwitsa ndi pamodzi, kudula nkuzimitsa foni. Ndikumvetsa anali mantha koma kwa woyankha uja zimenezo zimaoneka ndendende ngati wina wakulandani foni. Amayamba kuyimbanso, foni yozima, amayesanso, ndipo m'mayiko ena amatumiza apolisi kuti akaone, nthawi yonseyo pali wina nyumba ikupsa akudikira pamzere. Ulendo wina mukapeza yayimba musadule, ikani pakhutu munene kuti pepani foni yadzidina mthumba, kuno kulibe vuto. Akafunsa dzina kapena komwe muli yankhani, masekondi 20 nkhani yatha. Mukadula musanazindikire ndiye akayimbanso yankhani. Malamulo amalimbana ndi anthu oyimba dala nkunama kuti kwinakwake kwabuka moto, osati munthu amene thumba lamuyimbira.

Zochichotsa zija zimatheka koma ine sindikulimbikitsani. Lowani mu Settings, pezani Safety and emergency kenako Emergency SOS, mayina amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. Mmenemo mutha kuzimitsiratu, koma yambani mwaona ngati muli posankha kuti izilira alamu ikamawerenga masekondi aja, kapena kuti izidikira mugwire sikilini kaye isanayimbe, zimenezo zimathetsa vuto la mthumba koma tsiku la tsoka chinthucho chilipobe. Kenako zimitsani zoti foni iziyaka mukayigogoda kawiri kapena mukayinyamula. Pa Samsung yatsani Accidental touch protection mu Display, mafoni ena amati Pocket mode. Poyika mthumba galasi liziyang'ana kunja osati ku ntchafu, ndipo ngati kava yanu ili ndi mabatani otuluka kwambiri ofewa aja ganizirani ina.

Muli momwemo taonaninso amene munawalemba ngati anthu odziwitsidwa pa ngozi. Mafoni ambiri SOS ikayamba amatumiza meseji kwa anthu amenewo ndi malo omwe muli, pa Samsung zina imatha kuphatikizapo zithunzi ndi timawu tojambulidwa ngati munavomera poyiseta. Anthu timalemba mayina amenewa tsiku logula foni nkuyiwala, zaka zitatu zadutsa, chibwenzi chinatha kalekale koma jinzi ikangothina munthu uja akulandira mapu a komwe muli.

FUNSO

Achimwene, ine foni yanga siyinayimbire apolisi koma bwana wanga. Tinali ndi anzanga titaweruka tikudandaula za mmene akutigwiritsira ntchito, ndipo ine ndi amene ndinalankhula kwambiri. Mawa lake anandiyitana mu ofesi nkundibwerezera mawu anga onse, akuti foni yanga inawayimbira ndipo anamvetsera mphindi 20. Kodi si mlandu kumvetsera munthu asakudziwa? Ndingawasumire?

Mnyamata wa pa ntchito

YANKHO

Aise pepa, izi nde zowawa zenizeni. Za kusuma zimatengera malamulo a dziko lomwe uli komanso mgwirizano wako wa ntchito, ukafuna kupita patsogolo ukaonane ndi loya kapena a bungwe la ogwira ntchito, koma ndikuuze nkhani ina yofanana kuti usapite ndi chiyembekezo chambiri.

Mu 2013 James Huff, yemwe anali wapampando wa bodi yoyendetsa bwalo la ndege la kufupi ndi Cincinnati ku America, anali ku Bologna ku Italy pa msonkhano. Ali pakhonde la hotela ndi wachiwiri wake ankakambirana zochotsa mkulu woyendetsa bwalolo, osadziwa kuti foni mthumba mwa jekete yayimbira mlembi wa mkulu yemweyo. Mayiyo anati halo kangapo, palibe woyankha, atamva zomwe zikukambidwa anatenga cholembera. Anamvetsera mphindi 91, kulemba manotsi, kumapeto nkujambulako mawu. Huff anasuma, ndipo mu 2015 khoti la apilo linagamula kuti iye sangadandaule chifukwa ankadziwa kuti foni imatha kudzidina ndipo sanachitepo kanthu monga kuyiloka, anamufanizira ndi munthu amene wasiya makatani otsegula kenako nkumakwiya kuti odutsa aona mkati. Chosangalatsa nchoti mkazi wake, amene mawu ake anamvekanso kumapeto ali kuchipinda cha hotela, khoti linati iyeyo nkhani yake ndi ina chifukwa foni siinali yake. Tsono anzako unali nawo aja mwina ali ndi pogwira kuposa iwe.

Ngakhale akuluakulu zimawagwera, Rudy Giuliani yemwe kale anali meya wa New York, mu 2019 anasiya mawu a mphindi pafupifupi zitatu pa foni ya mtolankhani wa kanema ya NBC ya ku America akukamba za ndalama ndi munthu wina, foni ili mthumba.

Kumbali yanga bwana wakoyo sanachite bwino. Ukayankha foni nkumva kuti munthu sakulankhula nawe, umati halo kawiri katatu nkudula, kukhala mphindi 20 khutu lili pa foni ndi kusaka nkhani. Koma kusachita bwino ndi kuphwanya lamulo sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Kawirikawiri mthumba mumayimbidwa munthu amene walankhula naye komaliza, chifukwa timadula foni nkuyiponya mthumba sikilini ikadali yoyaka pa mndandanda wa omwe tawayimbira. Zolowera kudina batani la pambali usanayike mthumba, ndipo chepetsa nthawi yoti foni izidziloka yokha ifike masekondi 15 kapena 30. Chenjeranso ndi kabatani ka voisi noti pa WhatsApp, komanso Google Assistant kaya Siri ngati unazilola kugwira ntchito foni ili yoloka, zimatha kumva dzina la munthu mkati mwa macheza nkuganiza kuti watuma. Pa mafoni atsopano kadontho kobiriwira kapena ka olenji kakayaka pamwamba pa sikilini ndiye kuti maikolofoni kapena kamera ili pa ntchito. Ndipo mukakhala pa macheza a mtundu umenewo foni izikhala patebulo pomwe ukuyiona.

FUNSO

Ndinapatsa mwana wanga wa zaka zitatu foni yanga yakale kuti azisewera, simu khadi ndinachotsa. Mnzanga akuti ikhoza kuyimbirabe apolisi, nzoona?

Bambo wa mwana mmodzi

YANKHO

Mnzanuyo akunena zoona bambo, m'mayiko ambiri foni yopanda simu imalowabe ku nambala ya ngozi bola ili ndi moto ndipo ikugwira netiweki ya kampani iliyonse. Ku America lamulo limachita kukakamiza makampani kuti azilumikiza mafoni oterowo ku 911. Choipa nchoti foni yopanda simu ilibe nambala yoti woyankha ayimbenso, nde amangomva mwana akubwebweta kapena kulira osadziwa ngati kuli vuto. Ngati batire lake ndi lochotseka chotsani, mwana wa zaka zitatu amasewera nayo bwinobwino ili yozima. Ngati mukufuna aziwonerapo makatuni ndiye muzimitse Emergency SOS pa foni imeneyo yokha ndipo azisewera muli pafupi.