N'chifukwa chiyani amatiyeza pasikelo tisanakwere kandege?

Achimwene, mwafunsa ngati kukweza anthu pasikelo sikungowachititsa manyazi chabe. Ayi ndithu, ndipo akakusamutsirani mpando wakutsogolo musakangane nawo. Pa kandege, malo amene katundu wakhala ndi nkhani yaikulu ngati kulemera kwake komweko.

Pa 8 January 2003, ndege ya Air Midwest, mtundu wa Beechcraft 1900D, inagwa itangonyamuka ku Charlotte, ku America. Anthu onse 21 anafa. Kulemera kwa anthu ndi zikwama anangoyerekeza, pomwe zenizeni zinali zoposa, ndipo zinachulukira kumchira. Mphuno inadzuka mopitirira, mapiko osagwiranso mphepo. Kuwonjezera apo, amakaniko anali atakunga molakwika zingwe zowongolera kumchira. Woyendetsa anakankha chiwongolero, mphuno osatsika, mpaka ndege inakawomba shedi ya pabwalo pomwepo.