Chichewacho chiikenimo mu bandi yanuyo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mdzukulu wa mtchona wa ku Dedza. Iye ndi anzake ayambitsa bandi ya anthu asanu: mwiniyo, Ashona awiri, Mndebele mmodzi ndi wang'oma wa ku Congo. Akufuna aziimba za mtendere ndi umodzi, koma akufunsa kuti: "Kodi ndiziimbako Chichewa? Ndikuopa kuti azititonza kuti ndife Mabhurandaya."

Achimwene, mantha anuwo ndikuwadziwa. Dzina limenelo, lonyozera anthu ochokera ku Malawi, makolo athu analimva mpaka kutopa nalo m'mafamu ndi m'migodi, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife ngati alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 atabwera. Koma tatcherani khutu mu kombi (minibasi) iliyonse yopita ku Mbare. Akulira ndani? Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, magazi ake a ku Malawi. Luso lake linakhwimira ku Khiama Boys, m'manja mwa Nicholas Zakaria, nayenso wathu. Akaponyamo Chichewa, Mshona amavina mpaka thukuta kamukamu osafunsa n'komwe tanthauzo. Sungura yeniyeniyo, chamba chimene Macheso amaimba, ndi mwana wa mitundu yambiri: muli rumba ya ku Congo, muli kanindo wa ku Kenya, ndipo dzinalo ndi Chiswahili, kutanthauza kalulu.

Chondidetsa nkhawa ine ndi china. Nyimbo yongokuwa kuti "mtendere, umodzi" imakoma pa msonkhano wa mabungwe basi. Anthu akamwa zoziziritsa kukhosi, yaiwalika. Imbani za lendi, za magetsi othimathima, za agogo amene anatsikira kulichete asanakaonenso kwawo. Zimenezo Mndebele zimamupweteka chimodzimodzi ndi inu, ndipo aliyense aimbe ndime m'chiyankhulo chake. (Za gule wamkulu musayerekeze kukwera nazo pa siteji akuluakulu a kudambwe asanalole.)

Ndiye pali ndalama za pakhomo. Bandi yomwe ndinkaimbamo besi ndili mnyamata sinathe chifukwa cha mitundu ayi. Mwini bala wina anatipatsa theka la zomwe tinapangana, tinakanganirana panja usiku womwewo, kenaka mawu aja akuti "inu Achewa mumatero" ndi pomwe anatuluka. Gwirizanani kagawidwe musanagwire gitala, mulembe papepala, ndipo wa ku Congoyo alandire mofanana ndi woimba patsogolo.