Yankho kwa amene afunsa za zionetsero ndi utsi wa apolisi

Mayi, mwafunsa kuti inu ndi anzanu mukufuna kuyenda mwabata kuchoka pamsika kukapereka chikalata kwa bwanamkubwa pa nkhani ya kusowa kwa mankhwala m'chipatala, koma ena akuopsezani kuti popanda chilolezo apolisi akhoza kukuthirani utsi wokhetsa misozi, ngakhale kuwombera kumene. Zimenezo si zoona. Wapolisi amaloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu pokhapokha pali chiopsezo chenicheni pamaso pake pa nthawiyo. Kusowa kwa pepala ku ofesi sikumupatsa ufulu wokupwetekani. Ngakhale zili choncho, kalata yodziwitsa bwanamkubwa za zionetserozo lembani ndithu, chifukwa ndi imene idzakutetezeni inuyo otsogolera zinthu zikavuta.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake, mwabata komanso opanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 ndi limene limafotokoza kachitidwe kake, ndipo limanena za kudziwitsa, osati kupempha chilolezo. Mumalemba kalata kwa bwanamkubwa (DC), kope lina n'kupereka kwa mkulu wa polisi ya dera lanu. Kalatayo ifike pasanatsale maola 48 kuti tsikulo likwane, komanso isafike kukadali masiku oposa 14. Musadikire maola 48 omalizawo. Kaperekeni kutatsala sabata imodzi kapena masiku 10, kuti ngati pabuka mkangano mukhale ndi mpata wopita kukhoti. Kalata yofika Lachisanu madzulo ya zionetsero za Lolemba imangopatsa anthu podzikhululukira kuti sanaione.

M'kalatamo lembani dzina la wotsogolera ndi la wachiwiri wake, kumene angapezeke, cholinga cha zionetsero, tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera, malo okumanirana, misewu yonse imene mudutse mwandondomeko, malo amene mukabalalikire, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekezera, chiwerengero cha mamashalo (anthu anu osungitsa bata m'gululo), ndi ofesi imene ikalandire chikalata chanu. Sindikizani makope atatu. Lachitatulo ndi lanu, ndipo musatuluke mu ofesi asanalidinde chidindo chokhala ndi tsiku ndi siginecha ya amene walandira. Lijambuleni pa foni, mashalo aliyense akhale nalo.

DC akhoza kukuitanani ku msonkhano pamodzi ndi apolisi. Pitani, ndipo musapite nokha. Kumeneko angakupempheni kusintha msewu kapena nthawi, ndipo nthawi zina pamakhala nzeru, monga kupewa depoti ya minibasi kapena nthawi yoweruka ana asukulu. Zimene mwagwirizana zilembedwe. Akafuna kuletsa, apereke zifukwa zake polemba, ndipo zikhale zifukwa zogwirika zokhudza chiopsezo chachikulu chimene apolisi sangathe kuchithana nacho. Mawu akuti "apolisi atanganidwa tsiku limenelo" kapena "kukubwera alendo olemekezeka" si chifukwa chofafanizira ufulu wa anthu. Mukalandira chiletso chotere, pitani ndi loya ku High Court tsiku lomwelo. Makhoti athu anaimapo kale pa nkhaniyi. Mu 2002 a Bakili Muluzi ataletsa zionetsero zonse zokhudza teremu yachitatu, khoti linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo aakulu. Mu 2019 boma linayesa kuimitsa zionetsero za HRDC, gulu la omenyera ufulu wa anthu, kudzera m'makhoti, koma silinapeze chiletso chamuyaya chimene linkafuna. Chinthu chimodzi musamale nacho: lamulo limaletsa kusonkhana pafupi kuposa mamita 100 ndi khoti, Nyumba ya Malamulo kapena nyumba ya boma ya mtsogoleri wa dziko popanda chilolezo chapadera. Pa maboma ambiri khoti la majisitireti lili pafupi kwambiri ndi ofesi ya DC, choncho ifunseni nkhaniyi pa msonkhano womwewo.

Tsopano za mphamvu ya apolisi. Ntchito yawo yoyamba pa zionetsero ndi kukutetezani ndi kukutsegulirani msewu. Ngati pali munthu mmodzi kapena asanu amene ayamba kugenda, oyenera kuchotsedwa ndi asanuwo, gulu lonse lipitirize ulendo. Kubalalitsa anthu ndi chinthu chomaliza, ndipo mkulu wa apolisi pamalopo ayenera kuyamba walankhula ndi otsogolera, kenako kuchenjeza mokweza m'chiyankhulo chimene anthu akumva, kupereka nthawi yokwanira, ndi kusiya njira yotulukira. Malamulo a United Nations a 1990 okhudza kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti amanena momveka kuti ngakhale msonkhano utakhala wosavomerezeka, ngati uli wabata apolisi apewe mphamvu, ndipo zikakanika agwiritse ntchito yochepetsetsa. Malinga ndi malamulo a United Nations omwewa, mfuti ya zipolopolo zenizeni ndi yoteteza moyo wa munthu amene watsala pang'ono kuphedwa kapena kuvulazidwa koopsa. Si yobalalitsira anthu, si yotetezera magalasi a sitolo, ndipo kuwombera mwachisawawa m'chigulu n'kosaloledwa nthawi ina iliyonse. Ngakhale zida zimene amati sizipha zili ndi malire. Chipolopolo cha labala chimayenera kuloza m'munsi mwa thupi la munthu amene akuchita zachiwawa, osati kumutu kapena pachifuwa. Chitini cha utsi sichiwomberedwa molunjika pa munthu, chifukwa chikamenya mutu chimaswa chigaza. Sichiponyedwanso m'kalasi, m'chipatala, m'minibasi kapena paliponse pamene anthu alibe pothawira.

Zimenezi tikuzinena molimba chifukwa dziko lino linalira kale. Pa 20 July 2011, anthu atakwiya ndi kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja mu ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, chiletso cha khoti chinatuluka usiku zionetsero zili mawa. Kutacha anthu anali atasonkhana kale, apolisi n'kuwatsekera njira. Gulu limene likanayenda pa msewu umodzi ndi atsogoleri ake linamwazikira m'makwalala ndi m'misika lili lokwiya, popanda wolilankhula. Anthu 20 anafa m'masiku awiri, ndipo Mzuzu ndiye anaona zakuda kwambiri. Ena mwa iwo agona ku manda a Zolozolo mumzinda womwewo. Komiti yofufuza inapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Mu October 2019, wapolisi ataphedwa ndi anthu ku Msundwe, apolisi ena anakalusira amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo mu 2020 khoti linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Imfa ya wapolisi uja inali mlandu waukulu, koma kubwezera anthu osalakwa si ntchito ya polisi. Kuima n'kumangoonerera nakonso n'kulakwa: mu June 2025 ku Lilongwe anthu a zikwanje anavulaza ochita zionetsero achitetezo ali pomwepo. N'chifukwa chake pa msonkhano wa kwa DC mufunse kuti kubwera apolisi angati, adzawatsogolera ndani, ndipo nambala yake ya foni ndi iti.

Mbali yanu ndi mamashalo. Akhale mmodzi pa anthu 15 kapena 20 alionse, ovala chinthu chooneka patali, ena kutsogolo, ena m'mbali, ndipo olimba mtima kwambiri akhale kumbuyo. Chipwirikiti kawirikawiri chimayambira kumchira, kumene anyamata ongolowerera panjira amaphatikana ndi gulu. Aliyense wonyamula mwala, legeni, botolo la mowa kapena ndodo atulutsidwe msanga ndipo muwauze apolisi nokha. Sankhani munthu mmodzi yekha wolankhula ndi mkulu wa apolisi. Mukangopereka chikalata, lengezani pa chimkuzamawu kuti zatha, lembani nthawi yake, anthu azipita m'timagulu. Izi n'zofunika chifukwa lamulo la apolisi lija limalola kuti okonza zionetsero alipitsidwe katundu akawonongeka. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo chidzakupulumutseni ndi umboni wakuti munachita zonse zotheka kuti pakhale bata.

Utsi ukaponyedwa musathamange mwachisawawa, chifukwa ambiri amavulala popondana. Onani kumene mphepo ikupita, inu mulowere kumene ikuchokera, makamaka pamalo okwera. Utsiwu kwenikweni ndi ufa wosalala umene umamatira pakhungu, m'maso ndi pa zovala. Musatikite m'maso. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 10 mpaka 15, mutapendeketsa mutu kuti madzi asalowe m'diso linalo. Tsiku limenelo musadzole mafuta onona kumaso chifukwa amagwira ufawo. Chitini chimatentha kwambiri, musachitole ndi manja. Mukafika kunyumba vulani zovalazo panja, muzichape pazokha. Odwala mphumu, amayi oyembekezera ndi a ana kumsana asakhale pakati pa chigulu, ndipo amene akubanikabe pakatha theka la ola apite kuchipatala.

Wina akamangidwa asalimbane nawo. Ali ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Asasaine pepala limene sanaliwerenge kapena kulimvetsa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Pakhale munthu mmodzi amene sapita ku zionetsero, wokhala ndi mayina onse ndi nambala ya loya, kuti madzulo awerenge amene sanabwerere.

Wovulazidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo aonetsetse kuti dokotala walemba chimene chamuvulaza, kaya ndi chipolopolo, chitini kapena chibonga. Jambulani balalo tsiku loyamba ndi masiku otsatira. Lembani nthawi, malo, nambala ya galimoto ya polisi, dzina kapena nambala ya pa yunifolomu, ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Kanema musungeni mmene alili pa foni imene inajambula, musamudule, chifukwa wotumizidwa pa WhatsApp amataya tsiku ndi nthawi zimene khoti limafuna. Dandaulo mukhoza kukalipereka ku Independent Complaints Commission, bungwe limene limafufuza milandu ya apolisi, komanso ku Malawi Human Rights Commission. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Pofuna chipepeso mumasumira boma kudzera kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, ndipo lamulo limafuna kuti muyambe mwawadziwitsa polemba miyezi itatu musanatsegule mlandu. Mlandu wa kuvulala uyenera kulowa m'khoti pasanathe zaka zitatu, choncho kalata yodziwitsayo ilembedwe mabala asanapole.