Crystal ya 17.734 MHz ija ndi ya makanema a PAL

Achimwene, mwafunsa za ka crystal (kachipangizo kopereka frequency yosasintha) kolembedwa 17.734 MHz kamene mwazula pa bodi yakale, kuti kanali ka ntchito yanji komanso ngati mungakaike pa Arduino, kabodi kamene mumalowetsamo mapulogalamu anu. Tengani nambalayo muigawe ndi 4. Mupeza pafupifupi 4.4336 MHz, ndipo aliyense wokonza ma TV akale amaidziwa imeneyi. Ndi frequency imene imanyamula mitundu ya chithunzi mu PAL, njira youlutsira kanema imene Walter Bruch anapanga ku kampani ya Telefunken, nkuyamba kugwira ntchito mu 1967 ku Britain ndi ku West Germany. Ma TV a analogi amene tinkaonera kwathu kuno analinso a PAL, n'chifukwa chake ma crystal amenewa ndi mbwee m'mabokosi a okonza mawailesi.

Nambalayo sanailote. Mu PAL muli mizere 625 pa chithunzi chimodzi, zithunzi 25 pa sekondi, ndiye kuti mizere 15,625 pa sekondi. Chulukitsani 15,625 ndi 283.75, muonjezepo 25, mupeza 4,433,618.75 Hz. Anasankha nambala yokhotakhota chonchi dala, kuti timadontho tobwera ndi mitundu tisamaonekere pa sikirini. Muchulukitsenso ndi 4, mwafika pa 17.734475 MHz, crystal yanuyo. Choncho bodi yanuyo iyenera kuti inali ya TV, ya VCR, ya kamera kapena makina ena otulutsa chithunzi. Ngakhale kompyuta ya Commodore 64 yogulitsidwa ku Ulaya inali ndi crystal yomweyi. Ankaigawa ndi 18 kuti purosesa iziyenda pa 0.985 MHz.

Kagawidwe kameneka kakuthandizani pa ma crystal ena. Mukaona 14.31818 MHz, ndi 3.579545 MHz ya NTSC, njira youlutsira kanema ya ku America, kuchulukitsa ndi 4. Ya 11.0592 MHz ndi ya serial, njira yotumizira data pa waya, chifukwa mukaigawa ndi 96 imapereka 115,200 ndendende, liwiro lodziwika la serial. Ka 32.768 kHz ndi ka wotchi.

Za Arduino ndiye sindikulimbikitsani. Chip ya ATmega328P, imene ili pa Arduino Uno, imatha kuyenda mpaka 20 MHz pa 5V, choncho iyaka ndithu, koma mapulogalamu a Uno amawerenga nthawi poganiza kuti pali 16 MHz. Chilichonse chizithamanga mopitirira ndi pafupifupi 11 peresenti: delay (nthawi yodikira mu pulogalamu) izifupika, pa serial monitor (powerengera mauthenga a Arduino pa kompyuta) pazituluka zilembo zosamveka, mwinanso kulowetsa pulogalamu kumene kukanika. Mutha kusintha F_CPU (nambala youza pulogalamu liwiro la chip) ndi bootloader (kapulogalamu kolandira mapulogalamu atsopano), koma imeneyo ndi ntchito yambiri pa kanthu kotchipa ngati crystal ya 16 MHz.

Muwerengenso miyendo ya ka crystal kanuko. Iwiri ndiye crystal wamba, yofuna ma capacitor awiri pambali. Ngati ndi kachitini ka miyendo inayi, mwina ndi oscillator yathunthu, yotulutsa frequency payokha, yofuna magetsi ake, ndiye musailumikize musanadziwe ngati ndi ya 5V kapena 3.3V.