Kodi chimbale cha Nils Frahm chinawonongeka pojambula?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti mwana wawo anawatumizira nyimbo za piyano za mkulu wina wa ku Germany, Nils Frahm, koma pomvera akumva tinthu tikugogoda, mpando ukulira, ngakhale kupuma kwa woyimbayo. Funso lawo ndi lakuti: kodi nyimbozi zinawonongeka potumiza, kapena mkuluyu anajambulira m'situdiyo yotchipa?

Mayi, foni yanu ilibe vuto. Phokoso limene mukumvalo analisiyamo dala mwini wake.

Frahm anabadwira ku Hamburg mu 1982 ndipo amakhala ku Berlin. Piyano anaiphunzira ali mwana kwa mphunzitsi wa nyimbo zachikale za ku Ulaya, Nahum Brodski, choncho musamuyese wongobaiza. Chimbale chimene mukufotokozachi ndikuganiza kuti ndi Felt, cha mu 2011, ndipo nkhani yake imandiseketsa nthawi zonse chifukwa inayamba ndi kuopa aneba. Mkuluyu ankafuna kuyimba usiku m'nyumba mwake, koma piyano ndi chida chaphokoso. M'kati mwake muli tinyundo timene timamenya nsambo munthu akadina kiyi. Iye anatenga nsalu yokhuthala yaubweya, imene dzina lake ndi lomwe linapatsidwa kwa chimbalecho, n'kuiyika pakati pa tinyundo ndi nsambo. Mawu a piyano anatsika, anangotsala ngati munthu akunong'ona.

Tsono mawu otsika chotero ungawajambule bwanji? Anayandikitsa maikolofoni mpaka m'mimba mwa piyanoyo. Maikolofoni sasankha, amatola chilichonse: thabwa likamasuntha, phazi likaponda pedo, mphuno ikakoka mpweya. Ena akanafufuta zonsezo pa kompyuta. Iye anamva kuti m'menemo ndi mmene muli moyo wa nyimboyo, n'kuzisiya.

Ine ndinayamba kumvera Felt pa kasipika kakang'ono masana, ana akusewera panja, ndipo ndinangoti apa palibe nyimbo. Ndinabwerezanso usiku wina magetsi atazima, nditavala mahedifoni. Pamenepo ndinamva ngati ndakhala pambali pa woyimbayo, phewa kugundana ndi phewa. Yesani choncho musanamuweruze.

Mu 2012 Frahm anagwa pabedi lake lam'mwamba n'kuthyoka chala chachikulu cha dzanja lamanzere. Madokotala anachilumikiza ndi masikuluwu. Kwa woyimba piyano limeneli ndi tsoka lalikulu, koma iye anakhala pansi n'kupeka nyimbo 9 zazifupi ndi zala 9 zotsalazo. Chimbalecho anachitcha Screws ndipo anachigawa ulere pa intaneti pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 30. Mwa zonse zimene wapanga, ichi ndiye ndimachikonda, mwina chifukwa mulibe kudzionetsera.

Sikuti nthawi zonse amanong'ona ayi. Pa siteji amazunguliridwa ndi ma synthesizer akale (makina amagetsi opanga mawu a nyimbo), dzanja lina pa piyano lina pa makina, thukuta lili kamukamu, ndipo nthawi zina amamenya nsambo za piyano ndi maburashi otsukira chimbudzi ngati akuyimba ng'oma. All Melody, cha mu 2018, anachijambulira m'situdiyo imene anakonza ku Funkhaus, nyumba yakale ya wailesi ya boma la East Germany. Kunena zoona, nyimbo zake zina zamakinazi zimanditalikira, zimangozungulira pamodzimodzi mpaka mtima kuyamba kuganiza za ndiwo zamawa. Anapekanso nyimbo za mufilimu ya Victoria mu 2015, zimene zinamupezetsa mphoto ya mafilimu ya dziko la Germany. Chaka chomwecho anayambitsa Piano Day, tsiku lokondwerera piyano, imene imachitika pa tsiku la nambala 88 m'chaka chifukwa piyano ili ndi makiyi 88, ndipo kawirikawiri limakhala pa 29 Malichi.

Ndiye mayi, muuzeni mwana wanuyo akutumizireninso Screws. Mudikire ana agone, mutseke chitseko, mukweze voliyumu pang'ono chabe.