Za sewero lanu loopsa lija

Achimwene, mwafunsa ngati mulembenso sewero lanu lakale la filimu yoopsa kapena mungokonza mawu. Ine ndikuti yambani ndi nkhani yeniyeniyo, zokometsera mawu zibwere pambuyo. Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye masamba 140 mwatchulawo achuluka, achepetseni afike cha m'ma 90.

Mfiti yanu ikuonekera msanga, ibiseni. Oonera amve kaye fisi akulira kuseri kwa phiri la Kanjala ku Chipata, khasu lisowe pakhomo, agogo akane kunena chifukwa chake. Anthu a ku komboni ya Kapata, ku Chipata komweko, alankhule Chinyanja cha pamsika, osati cha m'buku.

Koma gule wamkulu musamusandutse chiwanda chanu. Akuluakulu a Achewa ku Katete sangakondwe nazo zimenezo.